Maluwa a patebulo, mchenga wa ku Iona

Lero ulendo wathu ndi wa ku Scotland, dziko limene ambirife timalidziwa chifukwa cha David Livingstone ndi amishoni amene anatsata mapazi ake. Koma za amishoni tiziike kaye pambali. Ndikufuna ndikuuzeni za mwana wina wa mumzinda wa Edinburgh, Samuel John Peploe, amene moyo wake wonse anauthera pa burashi ndi penti wamafuta. Anabadwa pa 27 Januwale 1871, ndipo anamwalira mumzinda womwewo pa 11 Okutobala 1935.

Wina kumeneko wayamba kale kufunsa kuti zithunzi pawailesi tizionera pati. Musadandaule, ine ndizifotokoza, inu muzizijambula m'mutu. Sizivutanso kwenikweni, chifukwa zinthu zimene mkuluyu ankakonda kujambula n'zoti mwana akhoza kuziwerenga ndi zala. Akakhala m'nyumba, ndi tebulo, nsalu, mtsuko wa maluwa, mbale ya zipatso, botolo. Akatuluka panja, ndi mchenga, miyala, mitengo, nyanja, ndi phiri kutsidya. Zaka zoposa 30, zomwezomwezo. Alipo anthu amene amati ameneyu nzeru zinamuthera, anangopeza choyenda malonda n'kukakamira pomwepo. Ine zimenezo ndikukana, ndipo ndinena chifukwa chake.

Bambo ake anali pa udindo kubanki, choncho sanabadwire mu umphawi. Koma makolo onse awiri anamwalira iye akadali mnyamata, ndipo atachoka pasukulu anamulowetsa ku ofesi ya maloya kuti aphunzire ntchito. Mtima wake sunali pamenepo. Anasiya, n'kukaphunzira zojambula ku Edinburgh konko, kenako ku Paris, m'sukulu ziwiri zotchuka za masiku amenewo, Académie Julian ndi Académie Colarossi. Mu 1895 anapita ku Holland kukadzionera yekha ntchito za akatswiri akale, Rembrandt ndi Frans Hals.

Chodabwitsa n'choti munthu amene lero amatchuka ndi mitundu yowala anayambira mumdima. Zithunzi zake za cha m'ma 1905 kumbuyo kwake n'kwakuda bii. Kutsogolo kuli tebulo loyalidwa nsalu yoyera, patebulopo tipoti wakhofi wasiliva, tambula ya vinyo, mpeni, zipatso ziwiri zitatu. Penti wake ndi wofewa, wonona, wopakidwa mwachangu, moti mukayandikira mumaona pamene burashi inadutsa ndi pamene anaitukula. Kunyezimira kwa siliva anakuika ndi kanzere kamodzi koyera, osabwerezanso. Apa ankatsanzira Mfalansa wina, Édouard Manet, amene ankadziwa kusewera ndi zoyera ndi zakuda. Anthu a ku Edinburgh zinawasangalatsa. Chionetsero chake choyamba, mu 1903, chinachitikira kwa Aitken Dott, ogulitsa zithunzi otchuka mumzindamo, ndipo dzina lake linayamba kumveka. Akanafuna, akanakalamba akujambula matipoti asiliva, osasowa chakudya.

Koma anali ndi mnzake wosakhazikika, John Duncan Fergusson wa ku Leith, amene ankayenda naye kumagombe a kumpoto kwa France kukajambula panja. Fergusson anasamukira ku Paris, ndipo sanaleke kumukopa mnzakeyo kuti amutsatire. Mu 1910 Peploe anakwatira Margaret MacKay, mkazi wa kuzilumba za kumadzulo kwa Scotland amene anadziwana naye kuyambira 1894, ndipo chaka chomwecho banjali linakakhala ku France.

Paris imene anaipeza inali itatekeseka. Mu 1905, pa chionetsero chachikulu chotchedwa Salon d'Automne, Henri Matisse, André Derain ndi anzawo anapachika zithunzi zimene zinaimitsa anthu mitu. Mtengo wofiira, nkhope yokhala ndi mzere wobiriwira, penti wongofinya kuchokera m'chubu osasungunula ndi china chilichonse. Mtolankhani wina anawatcha zilombo zakuthengo, dzinalo n'kukanirira. Peploe anaona zimenezi, anaonanso ntchito za Van Gogh ndi za Cézanne, ndipo dzanja lake linasintha. Ku Royan, doko la kumadzulo kwa France, anajambula timatabwa ting'onoting'ono ta maboti ndi nyumba za m'mbali mwa nyanja, chikasu chowala pambali pa buluu, kufiira pambali pa kubiriwira, chilichonse atachizunguliza ndi mzere wakuda kapena wabuluu.

Atabwerera ku Edinburgh mu 1912 ndi katundu wake watsopanoyo, wogulitsa wake uja anapukusa mutu. Anakana kuzipachika. Taganizani, munthu wazaka 41, ali ndi mkazi ndi mwana wamng'ono, ndipo khomo limene ankadyerapo latsekeka chifukwa cha mtundu wa penti. Njira yapafupi inali kubwerera ku mdima uja umene makasitomala ankaufuna. Iye sanatero. Mu 1913 anakonza yekha chionetsero chake. Amene amanena kuti Peploe ankangothamangira malonda azikumbukira chaka chimenecho.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, madokotala anamupeza kuti thupi lake silingathe usilikali, choncho anatsalira akujambula. Mu 1917 anapeza chipinda chojambulira pa Shandwick Place, ndipo m'chipinda chimenecho ndimo munatuluka zithunzi za maluwa zimene zinamutchukitsa. Apa ndiye tichedwepo.

Tiyeni tiime kutsogolo kwa chimodzi mwa zithunzi za mtundu umenewu. Pakati pali mtsuko wa ku China, woyera wokhala ndi maluwamaluwa abuluu. M'mtsukomo muli maluwa a rozi apinki, ochepa chabe, lina latambasuka, lina likadali lofunga. Pambali pali lalanje kapena apulo. Kutsogolo kwagona chokupizira mphepo chakuda, mwina riboni wakuda akulendewera m'mphepete mwa tebulo. Kumbuyo kwapachikidwa nsalu. Mukaona koyamba munena kuti tebulolo ndi loyera. Yandikirani. Mulibe malo ngakhale amodzi amene ali oyera mbee. Apa patuwa, apo palowa buluu pang'ono, pansi pa lalanje pali kamthunzi kobiriwirira, pafupi ndi duwa nsalu yatengako kufiira kwa duwalo. Duwa lenilenilo sanalijambule tsamba ndi tsamba. Analimanga ndi timabanga tingapo ta burashi, tina towala, tina tozimirira, ndipo mukabwerera m'mbuyo mapazi atatu timabangato timalumikizana n'kukhala rozi. Kanthu kakuda kaja sikanabwere mwangozi. Kabiseni ndi chala, muona pinki yense akufooka. Zaka zija anathera pa zakuda ndi zoyera sizinapite pachabe.

Amene ankamudziwa anasimba kuti kuyala zinthuzi patebulo kunkatha kumutengera masiku, burashi asanaigwire n'komwe. Asunthe lalanje pang'ono, abwerere m'mbuyo, ayang'ane, asinthe nsalu, achotse duwa limodzi, alibwezerenso. Amayi ogulitsa tomato pamsika akudziwa zimene ndikunenazi, momwe amatembenuzira tomato aliyense pamulu kufikira mbali yakupsa itayang'ana kwa wogula, muluwo n'kuima bwino. Kusiyana kwake n'koti iwo amamaliza kasitomala asanadutse, pamene iye dzuwa linkalowa akusunthabe. Maluwa ankatsata nyengo. Chisanu chikangotha, ndi maluwa a tulip. Kukatentha, ndi rozi. Chisanu chikabweranso, ndi zipatso ndi masamba. Ndipo tulip ndi duwa lovuta, chifukwa ngakhale mutalidula n'kuliika m'madzi limapitiriza kukula, tsinde lake likupindikira kumene kukuchokera kuwala. Zimene mwayala m'mawa, madzulo zasintha. N'chifukwa chake zithunzi zake za tulip zili ndi moyo wina, timitengo take titakhotakhota, lina kuwerama mpaka kutsala pang'ono kukhudza tebulo.

Ndiye kodi kumeneku n'kubwereza? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Peploe ankabwerera ku mtsuko womwewo chifukwa anali asanamalize kuuona. Funso limene ankalimbana nalo silinali lakuti duwa limaoneka bwanji, poti zimenezo aliyense akudziwa. Ankafuna kudziwa chimene chimachitika pinki ameneyu akakhala pafupi ndi buluu ameneyo, chinthu chozungulira chikatsamira chinthu chamakona, kuwala kukalowera pawindo lakumanzere tsiku la mitambo. Mukasintha chimodzi, zonse zasintha. Mu 1929, ali ndi zaka pafupifupi 60, analembera mnzake wina wojambula kuti m'zinthu wamba ngati maluwa, masamba ndi mitsuko muli zambiri moti sakuona kuti adzafika pamapeto pake. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona, ndipo umboni wake ndi woti mukaika zithunzi zake ziwiri za rozi pafupi, zimafanana dzina lokha.

Tsopano titulukeko panja. Kumadzulo kwa Scotland, kuseri kwa chilumba chachikulu cha Mull, kuli kachilumba kotchedwa Iona. M'litali mwake ndi makilomita owerengeka chabe, munthu amakamaliza wapansi. Dzina limene limamveka kwambiri kumeneko si lachilendo kwa ife. Mu 563 Columba anachoka ku Ireland ndi anzake n'kukhazikitsa malo a chipembedzo pachilumbapo, ndipo kuchokera pamenepo Chikhristu chinafalikira m'madera ambiri a Scotland. Akhristu a mpingo wa St Columba CCAP mu mzinda wa Blantyre amatchula dzina la munthu yemweyo sabata ndi sabata.

Amene anamutengera Peploe ku Iona ndi mnzake Francis Cadell, mu 1920. Cadell anali atafikako kale mu 1912, ndipo anali atabwerako kunkhondo kumene anavulazidwa. Anthu awiriwa anali osiyana kwambiri. Cadell anali wanthabwala, wokonda kutchena, wocheza ndi aliyense. Peploe anali wofatsa, wosalankhulalankhula. Komabe anagwirizana, ndipo kuyambira chaka chimenecho mpaka 1933 Peploe ankabwerera ku Iona pafupifupi chaka chilichonse nyengo yotentha.

Alendo ambiri amapita ku Iona kukaona tchalitchi chakale ndi manda a mafumu. Peploe kawirikawiri ankazisiya zimenezo kumbuyo, n'kulunjika kumpoto kwenikweni kwa chilumbacho, kumene kuli mchenga ndi miyala basi. Mchenga wakumeneko ndi woyera kwambiri chifukwa wambiri ndi zigoba za tizamoyo ta m'nyanja zoperepeseka. Madzi akakhala osaya pamwamba pa mchenga wotero amaoneka obiriwira mowala, akamazama amasanduka buluu, ndipo pamene pali udzu wa m'nyanja amaderako mpaka kukhala pepo. Miyala ina ndi yotuwa, ina yakuda, ndipo kutsidya kuli miyala yofiirira ya ku Mull. Patali pamaonekera Ben More, phiri lalitali kuposa onse pa Mull, lokwera mamita 966. Munthu wosafikako akaona zithunzi za Peploe amaganiza kuti anakokomeza mitundu, poti Scotland timaidziwa ngati dziko la mvula ndi nkhungu. Amene anafikako amabwerako akunena kuti madziwo alidi choncho.

Chovuta kumeneko ndi nyengo. Mphepo yochokera kunyanja ya Atlantic siipuma, mtambo umodzi ukadutsa nyanja yonse yasintha mtundu, ndipo madzi amadzadza n'kuphwa kawiri patsiku, mwala umene munayamba kuujambula n'kumira. Munthu uja amene ankatha masiku akusuntha lalanje, kuno ankayenera kuthamanga. Ankagwiritsa ntchito timatabwa toti n'kunyamula m'manja, topakidwa kaye zoyera zonga choko zimene zimamwa mafuta a m'penti. Zikatero penti amauma msanga, sanyezimira, amaoneka wouma ngati mchenga womwewo, ndipo kuyera kwa pansi kumawalitsa mitundu ya pamwamba. Cadell ankachita chimodzimodzi, ndipo kuseri kwa zithunzi zake zambiri ankalemba chenjezo loti asadzayerekeze munthu kupakapo vanishi. Ankadziwa kuti wogula wofuna kunyezimiritsa katundu wake akhoza kupha kuwala konseko tsiku limodzi.

Chimene chimandigwira mtima n'choti Peploe sankadikira tsiku ladzuwa. Zithunzi zake zambiri za ku Iona n'za masiku a mitambo, mvula ili pafupi, phiri litabisika theka, nyanja itachita thovu m'mbali mwa miyala. Pa tsiku lotero mitundu siifuula, koma imachuluka. Ndipo miyala ankaimanga monga ankamangira maapulo patebulo, banga ndi banga, mbali yowala ndi mbali yamthunzi, mwa njira imene anaphunzira kwa Cézanne. Apa m'pamene munthu amazindikira kuti wa patebulo ndi wa kugombe ndi mmodzi, ndipo funso lake ndi limodzi.

Sikuti ankangopita ku Iona kokha. Anajambulanso ku Kirkcudbright, kummwera kwa Scotland, ndi ku Cassis ndi Antibes, kugombe lotentha la kummwera kwa France. Zimenezo n'zokongola, koma kwa ine sizifika pa za ku Iona.

Dzina la Peploe silimayenda lokha. Limatchulidwa pamodzi ndi Fergusson, Cadell, ndi wachinayi, George Leslie Hunter, amene ntchito zake zoyambirira zinawonongeka pa chivomezi cha ku San Francisco mu 1906, ndipo pambuyo pake anatchuka ndi zithunzi za maboti okhalamo anthu pa nyanja ya Loch Lomond. Anayiwa sanakhazikitse bungwe, analibe malamulo kapena mtsogoleri. Chinkawalumikiza n'choti onse anakamwa madzi a ku France n'kubwera nazo kwawo. Anaonetsa ntchito zawo pamodzi ku Paris mu 1924, ku London mu 1925, ndi ku Paris kachiwiri mu 1931. Kwawo nako ulemu unabwera, ngakhale mochedwa. Bungwe la Royal Scottish Academy linamulandira Peploe pa gawo loyamba mu 1918, n'kumupanga membala wathunthu mu 1927.

Pali dandaulo lina limene sindingalizembe, chifukwa lili ndi mutu. Zaka zimene Peploe ankajambula rozi ndi zaka zimene Scotland inkalira ana ake ophedwa kunkhondo, ndipo kenako, kuchiyambi kwa m'ma 1930, mafakitale opanga sitima zapamadzi m'mbali mwa mtsinje wa Clyde anaima, abambo ambirimbiri n'kukhala pakhomo opanda ntchito. M'zithunzi zake simupeza chilichonse cha zimenezi. Ogula ake anali anthu opeza bwino, monga Ion Harrison wa ku Glasgow, wa bizinesi ya sitima zapamadzi, ndi John Blyth, mwini fakitale ya nsalu ku Kirkcaldy. Wofuna kudziwa mmene mmphawi wa ku Glasgow ankakhalira akafunse kwa ojambula ena, ndipo alipo. Ine sindimuikira kumbuyo Peploe pa zimene sanachite. Chimene ndinganene n'choti pa ntchito imene anasankhayo sananame, sanachite mwaulesi, ndipo sanapatse wogula chinthu chongomusangalatsa maso kuti alandire ndalama.

Umboni wake uli m'zaka zake zomaliza. Rozi wapinki ali pa malonda, anthu akumufuna, iye anayamba kuzimitsa mitundu. Zithunzi za kumapeto kwa m'ma 1920 ndi m'ma 1930 n'zodera, zotuwa, zobiriwira mozimirira. Patebulo panabwera mtsuko wadothi, buledi, mapeyala achizungu, ngakhale nthuli za nyama yosaphika. Munthu wongofuna kukongoletsa zipinda za anthu olemera sangasiye rozi n'kukajambula nthuli ya nkhosa. Iye anali atapita ku funso lotsatira, loti kodi mitundu yoyandikana kwambiri, yosiyana pang'ono pokha, ingathe kunyamula chithunzi chonse. Zina mwa zimenezi ndi zimene ojambula anzake amazilemekeza kuposa maluwa aja.

Mu 1933 anayamba kuphunzitsa pa Edinburgh College of Art, koma thanzi linamuvuta ndipo sanakhalitsepo. Anamwalira patapita zaka ziwiri, ali ndi zaka 64. Mwana wake Denis Peploe, wobadwa mu 1914, naye anadzakhala wojambula wodziwika. Hunter anali atatsogola kale mu 1931. Cadell anatsatira mu 1937, ndipo anafa ali mmphawi, zithunzi zake zitasiya kuyenda malonda. Dzina loti Scottish Colourists, limene lero lili m'mabuku ndi pamakoma a nyumba zoonetsera zithunzi, linakhazikika atatuwa atapita, chakumapeto kwa m'ma 1940. Fergusson yekha, amene anakhala ndi moyo mpaka 1961, ndiye analimva ndi makutu ake.

Za ndalama ndinene mwachidule. Mu Meyi 2011, pa okushoni ya Christie's ku London, chithunzi cha Peploe cha tipoti wakhofi, chimodzi mwa zakuda zija za cha m'ma 1905, chinagulidwa pa mapaundi oposa 900,000. Koma sikuti zonse zinakathera m'nyumba za anthu achuma. Blyth uja atamwalira, gawo lalikulu la zithunzi zimene anasonkhanitsa linakhala la nyumba yoonetsera zithunzi ya tauni ya Kirkcaldy, ndipo aliyense amalowamo ulere. Zina zili ku Kelvingrove mumzinda wa Glasgow, zina ku National Galleries of Scotland ku Edinburgh, nakonso khomo n'lotsegukira aliyense.

Abale athu amene muli ku Scotland pa sukulu kapena pa ntchito, tsiku lina mukapuma kaimeni kutsogolo kwa chimodzi, muyandikire, kenako mubwerere m'mbuyo mapazi atatu aja. Amene muli ndi foni ya intaneti, lembani dzina lake motere, P, E, P, L, O, E, muonjezere mawu oti Iona kapena Roses, zithunzizo zituluka. Nthawi yathu yathera pomwepa.